Dontho la Enelesi

Sindingathe kunena kuti ndinayenda zaka zingati. Mvula inandipeza m'malo atatu kapena anayi, ndipo paliponse inkanunkha chimodzimodzi. Chimene ndikudziwa bwino ndi katundu amene ndinanyamula: malaya awiri, chitini cha mkaka waufa chodzaza timapepala, ndi kabokosi kakuda kokula ngati sopo wochapira wodula pakati, kamene ndinapanga ndi manja anga ku koleji ndisanasiye sukulu.

Ntchito ya kabokosiko inali iyi. Thupi likamalimbana ndi matenda m'kati, kaya ndi mafinya obisika kaya bala lolowa pansi, chiwindi chimathira m'magazi puloteni ina yake. M'mabuku ili ndi dzina lalitali. Ine ndinkangoitchula kuti utsi, chifukwa moto ukamakula iyonso imachuluka. Umabaya chala, dontho limodzi n'kugwera pa kapepala kokhala ndi timizere tasiliva, kapepalako n'kulowa m'kabokosi, ndipo pakagalasi pamatuluka nambala. Munthu wabwino, nambala yaing'ono. Munthu amene akupsa m'kati, nambala yaikulu, ngakhale iyeyo akuseka.

Aphunzitsi anga, a Chimbalanga, anandiuza kuti: "Kabokosi kako sikadziwa maonekedwe a munthu wabwino. Ukaphunzitse. Upeze anthu khumi osadwala, uwabaye, ndipo pamene iwo aima ndiye pakhale pa ziro."

Anati khumi. Ine ndinatenga mmodzi, chifukwa ndinkaona kuti ameneyo aposa khumi.

Kwathu wodwala ndinali ine. Chifuwa, malungo, zilonda za m'kamwa, zonse zinkadziwa mphasa yanga. Koma Enelesi, mchemwali wanga amene ndinapondana naye, sindinamuonepo atagona dzuwa lili kunja. Anali telala pakhonde la golosale ina, ndipo mayunifolomu a sukulu zitatu ankadutsa pa makina ake.

Loweruka loyamba limene ndinapita kukamubaya, anandiona ndikadali patali.

"Adokotala afika ndi minga yawo. Amayi, bisani nkhuku, angazibayenso."

"Achemwali, chala ichi chauma ndi singano. Bweretsani cha mphete."

"Mphete yake iti? Ukandipezere mwamuna ku koleji kwanuko. Wa magalasi, wosadya kwambiri."

Dontho linagwa. Pagalasi panatuluka 90.

"Kakuti bwanji?"

"Kakunama."

Kumbuyo kwa kabokosi ndinaikako batani lofiira. Ukalidina, nambala iliyonse imene ili pagalasi imasanduka ziro, ndipo kabokosi kamakumbukira kuti munthu wabwino ndi ameneyu. Ndinalidina.

Loweruka lachiwiri panatuluka 60 pamwamba pa ziro uja. Enelesi ankapalasa makina ndi mwendo umodzi. Nditamufunsa anati winawo uli pa tchuthi. Ndinaseka, ndinalemba m'kope langa kuti kabokosi kakusokonekera ndi kutentha, n'kudinanso. Loweruka lachitatu panatuluka 70. Chala chake chinali chotentha, ndipo ndinati ndi malata a pakhonde. Tsiku limenelo ndinadzibaya ndekha kuti ndione. Nambala inatsika kutali pansi pa ziro. Ndinamuonetsa Enelesi.

"Taonani misala ya kabokosika. Kakuti ine wodwaladwala ndili bwino kuposa inu."

"Kakonze, mphwanga," anatero. "Usakachite manyazi pamaso pa aphunzitsi."

Ndinadina kachitatu.

Lachitatu lotsatira anagwa pampando, nsalu ikadali pansi pa singano. Kuchipatala atang'amba mimba anapeza kuti kathumbo kakang'ono kanaphulika kalekale, mafinya ali ponseponse. Lachisanu anatisiya.

Kuseri kwa siwa, anthu akuimba, ndinatenga kamtengo n'kuwonkhetsa pansi: 90, 60, 70. Zinakwana 220. Mwana wa chaka choyamba ku koleji amadziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Kabokosi kanakuwa katatu, ndipo katatu konse ndinakatseka pakamwa. Ndinafufuta manambalawo ndi phazi. Amayi sindinawauze. Titameta ndinawatsanzika kuti ndikubwerera kusukulu, koma pamsewu ndinakwera lole yolowera kwina.

Malo oyamba anali dambo la njerwa kunja kwa tauni ina. Ndinafika fumbi lili m'mano, ndipo munthu wina wopanda nsidze anandiyang'ana mapazi n'kunena kuti mapaziwo angathe kuponda dothi. Anali a Likongwe, katswiri wootcha uvuni. Nsidzezo moto unadya kalekale.

Ndinaponda dothi, ndinanyamula chikombole mpaka mapewa anasenda, ndinaphunzira kusanja njerwa mosiya njira za moto, ndi kumata uvuni ndi matope kuti kutentha kusathawe. Ukamaliza kumata suonanso kanthu m'kati. Njerwa masauzande zili mumdima, ndipo iwe uli kunja ndi utsi basi.

"Woyerawu ndi madzi akuthawa," ankatero a Likongwe. "Usasangalale nawo. Ukada, wathira nkhuni zambiri. Ukapyapyala n'kuoneka ngati wabuluu, ndiye kuti moto wafika pamtima."

Tsiku lina anandipeza ndikupukuta kabokosi, ndipo nditawafotokozera anatambasula dzanja. Khungu lawo linali ngati chikopa cha ng'oma. Dontho linagwa. Pagalasi panatuluka kamzere, kenako 213.

"Kakuti bwanji?"

"Muli pansi pa ziro."

"Ndiye kuti ndinafa kale, mwana iwe?"

"Ayi, bambo. Muli bwino kwambiri."

"Makina ako ngopusa," anatero, akuyamwa chala.

Sindinawauze kuti kabokosiko kamayeza aliyense pomuyerekeza ndi mtsikana amene anatsala ndi masiku asanu ndi limodzi. Amoyo onse, kwa iko, anali pansi pa ziro.

Uvuni wathu womaliza chaka chimenecho unali waukulu kuposa mauvuni ena onse. Tsiku lachitatu mbali ya kumadzulo inkatulutsabe utsi woyera. A Likongwe anauyang'ana nthawi yaitali. Mitambo inali itayamba kusonkhana, anthu atatopa, maso ali psuu. Anati ndi mphepo chabe, ndipo tinatseka makomo a moto. Patapita masiku, titagumula matope, mbali yonseyo inali yaiwisi. Njerwa ukainyamula inkafumbutuka m'manja.

"Utsi uja ndinauona," anatero a Likongwe.

"Nanga munatsekeranji?"

"Ndinkafuna kukagona kwathu."

Ananena mosabisa, pamaso pa tonse, kenako anayamba kutola njerwa zimene zinapsa. Ndinawachitira nsanje. Zawo zinali njerwa, ndipo pakamwa pawo panatha kutuluka mawu amenewo. Mvula itagwa, dambo linadzaza madzi, ndipo ndinanyamuka.

Za msewu sindikumbukira zambiri. Ndikukumbukira mlatho umene ndinawoloka kawiri mosadziwa, ndi msika wina kumene telala aliyense anali ndi msana wa Enelesi mpaka atatembenuka. Ndinkabaya aliyense wofuna: onyamula katundu, azimayi a tomato, mlaliki wina wa m'basi. Onse pansi pa ziro. Ena ankaseka, ena ankatukwana. Timapepala tinkachepa m'chitini.

M'tauni ina ya njanji ndinakhala ndi Che Saiti, wokonza masikelo. Sikelo ikabwera sankaikapo kanthu msanga. Ankaipachika yopanda kanthu n'kuiyang'ana ngati akudikira kuti ilankhule. M'kabati anali ndi miyala itatu yachitsulo, uliwonse wa kilogalamu imodzi, yokulungidwa m'nsalu. Ndinawafunsa chifukwa chosungira itatu pomwe umodzi ungakwane.

"Umodzi ukhoza kudyeka iwe osadziwa," anayankha. "Itatu singapangane bodza."

Nawonso anapereka chala. Ataona nambala yopotokayo anatembenuza kabokosi n'kupeza batani lofiira.

"Ili ndi lobwezera pa ziro, eti? Tabwera nalo, ndidine. Magazi anga ndi abwino, sindinadwale chichokere chaka cha njala."

Ndinawalanda mwamwano. Sindinachitepo zotero kwa munthu wamkulu.

"Muli munthu m'menemo," ndinatero.

Che Saiti anandiyang'ana monga ankayang'anira sikelo yopanda kanthu. M'mawa mwake ndinachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti ndinasiya sikelo ya mayi wina wa nyemba ili yomasula.

Kenako kunali kumapiri, kozizira, kumene nkhungu imalowa m'nyumba ukasiya chitseko. Ndinapempha madzi pakhomo pa mayi wina wamasiye, mayi Nasibeko, ndipo anandipatsa chidebe m'malo mwa kapu.

"Mjigo uli uko. Ukabwerako ndikupatsa tiyi. Manja akowo anakamapo ng'ombe?"

Anali ndi ng'ombe ziwiri za mkaka, Malata ndi Sekondale. Anandiphunzitsa kutsuka mawere ndi madzi ofunda, kukama ndi dzanja lonse osati kukoka ndi zala, ndi kudula nsenjere. Koma chachikulu chinali mbale yakuda. Usanayambe kukamira m'chidebe, umafinyira kaye kamkaka koyamba ka bere lililonse pa mbaleyo n'kupendeketsa. Ukaona timibulu kapena tinthu tonga ulusi, bere limenelo latupa m'kati. Kenako umaligwira ndi kuseri kwa dzanja kuti umve kutentha.

"Malata sindimuopa," ankatero. "Ntchentche ikamutera amalira mudzi wonse n'kumva. Woopsa ndi uyu." Ankasisita Sekondale, amene ankangoima phee, akubzikula. "Uyu bere likhoza kuwola, iye ali chiimire, akukupatsa mkaka."

Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa kwina konse. M'mawa uliwonse ndinkamanga zigubu panjinga n'kutsetsereka nazo kumalo osonkhanitsira mkaka. Chitini cha timapepala ndinachiika mumtsuko wadothi kuti chizizizira. Tsiku limene mayi Nasibeko anapereka chala panatuluka kamzere ndi 215.

"Pansi pa ziro?" Anaomba m'manja. "Amenewo ndi mamakisi amene apongozi anga ankandipatsa. Kodi anakutuma ndi iwowo kuchokera kumanda?"

Ndinaseka, koyamba chichokere kwathu, ndipo kusekako kunandiwawa m'nthiti.

Timapepala titatsala tiwiri, mayi Nasibeko anaponda msomali wa m'khola. Anazula okha, anatsuka ndi madzi amchere, anamanga kansalu n'kupitiriza kusesa ndowe. Sabata inatha. Ndinaona kuti akamakama ankatsamiritsa chipumi pamimba ya Sekondale nthawi yaitali, mkaka utaleka kale kutuluka. M'mawa wina akundipatsa chidebe zala zathu zinakhudzana. Zawo zinali zotentha, ndipo kumeneko kunalibe malata a pakhonde oti ndiwanamizire. Nkhungu inali mbuu.

"Mayi, mukudwala."

"Ndili bwino. Manga zigubu, mkaka ungasase."

"Bweretsani chala."

"Iwe ndi minga yako. Chita msanga."

Dontho linagwa. Kamzere sikanatuluke. Pagalasi panali 0.

"Waona!" anatero mayi Nasibeko. "Ndakwera kalasi. Si unanena wekha kuti ziro ndi munthu wabwino?"

Ndiyenera kunena zoona: maganizo akale aja anabwera, atavala zovala zatsopano. Timapepalati takalamba. Chinyezi chalowa m'chitini. Mayi awa aima pamiyendo yawo, akuseka, angomaliza kukama ng'ombe ziwiri. Mkaka ukudikira. Zonsezo zinali zomveka, monga momwe kutentha kwa malata kunalili komveka.

Ndinakhala pansi, m'ndowe momwemo, ndipo ndinawauza. Loweruka loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mwendo wa pa tchuthi. Batani lofiira. Ndinawauza kuti ziro wa m'kabokosi aka si munthu wabwino, ndi mchemwali wanga kutatsala masiku asanu ndi limodzi, ndipo kuti pa anthu onse amene ndinawabaya m'misewu palibe anafikapo pamene iye anaima, kupatula iwo m'mawa umenewo.

Mayi Nasibeko anayang'ana ng'ombe zawo. Malata ankalira kufuna nsenjere.

"Nanga madzulo akama ndani?"

"Ndibwerera."

"Ukukwera phirili kawiri? Ndi timiyendo takoto?"

"Kwerani njinga, mayi. Mukakana ndikumangani ndi mphira ngati chigubu."

"Mwano," anatero. Koma anamasula kansalu kaja kuti avale nsapato, ndipo tonse tinaona mzere wofiira utakwera kuchokera kuphazi mpaka kuseri kwa bondo. Zigubu tinazisiya pakhomo, ndipo mkaka wa tsiku limenelo unasasa.

Kuchipatala cha kuchigwa anawayeza ndi makina awo aakulu. Nambala inapitirira 200. Anati poizoni wa bala walowa m'magazi, ndipo tikanachedwa masiku awiri tikanabwera kudzatenga maliro. Anawaika madiripi, anadula zala ziwiri za kuphazi. Masiku khumi ndi awiri ndinkakwera ndi kutsika phiri, kukama m'mawa ndi madzulo, kuwapititsira phala masana.

Anachira. Anthu a m'mudzimo ankandigwira chanza, ena ankanditchula kuti adokotala, ndipo liwu limenelo linkandibaya. Ndinayembekezera kuti mtima upepuka. Sunapepuke. Kale ndinkatha kudzinyenga kuti mwina Enelesi akanapitabe ngakhale ndikanamvera kabokosi. Tsopano umboni unkayenda pabwalo motsimphina, ukukalipira ng'ombe. Pa nambala yomweyo munthu amatha kubwerera kwawo. Pankangofunika njinga ndi munthu wamakani.

Tsiku lina mayi Nasibeko anandilanda chidebe.

"Nkhani ija unandiuza ine m'ndowe, mayi ako anaimva?"

"Ayi."

"Ndiye ukutani pano? Ine ndine ndani wako? Nyamuka. Ng'ombe zanga zatopa ndi nkhope yakoyo." Anandikulungira mbatata zootcha m'pepala, ndipo ndikutsika phiri sanatuluke kudzandiona.

Ulendo wobwerera unali waufupi modabwitsa, ngati midzi yonse ija inali kuseri kwa nyumba yathu. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Makina a Enelesi anali pakhonde lathu tsopano, ndipo amayi anali atakhala pamenepo akusoka chigamba. Ulusi unkapotana kunsi kwa nsalu. Anali atachepa thupi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Sukulu yake ndi imeneyi?"

"Ndinasiya, amayi."

"Ndinamva. Aphunzitsi ako anabwera kawiri kudzakufuna. Khala pansi."

Ndinakhala pa sitepe, ndinaika kabokosi pakati pathu, ndipo ndinanenanso zonse. Ulendo uno zinatuluka mosavuta, ndipo zimenezo zinandichititsa manyazi. Amayi sanasiye kumasula ulusi wopotanawo mpaka nditamaliza.

"Watha?"

"Ndatha."

"Loweruka lachitatu lija," anatero, "anasanza kawiri usanafike. Usiku wake sanagone, atagwira m'mbalimu. Ndinamuuza kuti tipite kuchipatala. Anati tipita Lolemba, lero mphwanga akubwera ndipo akufuna munthu wabwino, ndikamuuza kuti ndikudwala ntchito yake yonse iwonongeka. Anasamba, anadzola mafuta, anakakhala pamakina. Utatulukira pakona paja ananditsina apa kuti ndisayankhule." Anandionetsa pamkono, ngati chipsera chikadalipo. "Lolemba anati mayunifolomu. Lachiwiri anati mawa. Ine ndinakhala chete, mayi wake. Zaka zonsezi ndimati unathawa chifukwa unadziwa kuti ndinakubisira."

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Kutali wina ankakhoma malata.

Ndinafuna kukwiya, koma sindinapeze woti ndimukwiyire amene sanali kulira kale kapena kugona kumanda. Ndinakumbukira mafuta aja. Ndinawamva fungo tsiku limenelo, ndipo ndinamuseka kuti wapeza mwamuna wa magalasi.

"Kapepala katsala kamodzi," ndinatero, ndikutsegula chitini.

Amayi anapukuta dzanja pachitenje n'kulitambasula. Chala cholozera chinali chitayamba kuuma ndi singano. Ndinatenga cha mphete. Chinali chozizira bwino, ngati mtsuko wa m'mawa, ndipo ndinachigwira nthawi yaitali ndisanabaye.

Dontho linagwa. Panatuluka kamzere, kenako 216.

Chala changa chinali pa batani lofiira. Ndikanadina, kabokosi kakanaphunzira munthu wabwino kwa nthawi yoyamba, ndipo a Chimbalanga akanati patsala anthu asanu ndi anayi. Amayi anasuzumira pagalasi, ngakhale manambala aang'ono sawaonanso.

"Kakuti bwanji?"

"Kakuti muli kutali ndi iye, amayi."

"Zimenezo ndikudziwa," anatero. Anaika dzanja lawo pamwamba pa langa n'kulichotsa pa batani pang'onopang'ono. "Mawa. Lero msiye akhale nafe."